Loko ya gogodela ikathyoka, yambani mwafufuza chimene chaithyola

Munali mu Januwale, kunja kutayera ndi chipale, ine ndili m'galaja ndi mfuti imene ndinali nditaisema kwa miyezi 7. Ndinakoka tambala, chitsulo chimene chimamenya kuti mfuti iombe, kuti ndimve ngati akugwira bwino, ndipo m'kati munamveka kaphokoso kakang'ono kuti "thi!" Tambala uja anangoti lende, mphamvu zii. Nditamasula loko, kamakina koyatsa moto mumfuti, ndinapeza sipuling'i yaikulu ili pawiri, yathyokera pafupi ndi pamene imapindikira. Ndinaitanitsa ina, ndinadikira masiku 9, ndinaiika, koma sabata isanathe nayonso inathyoka, pamalo omwewo. Apo m'pamene ndinasiya kuda chitsulo n'kuyamba kuunika mtengo. M'dzenje limene ndinasemera loko munatsala kamtunda kakang'ono ngati njere ya mapira, ndipo kankakankhira sipuling'i cham'mbali nthawi iliyonse ndikakoka tambala. Masipuling'i awiri onsewo analibe mlandu.

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndimakhala ku Indiana koma kwathu ndi ku Dedza. Agogo anga aamuna anali ndi gogodela imene ankaisunga kudenga, ndipo sipuling'i yake itafa anamangapo mphira wa chubu cha njinga. Nditafika kuno ndinadabwa kupeza kuti pali anthu amene amasemabe mfuti za mtundu umenewu ndi manja, monga ankachitira amisiri a ku Lancaster m'boma la Pennsylvania, anthu ngati Jacob Dickert, m'zaka za m'ma 1700. Bungwe lawo, National Muzzle Loading Rifle Association, linayamba mu 1933, ndipo amasonkhana m'kamudzi ka Friendship kummwera kwa Indiana mu Juni ndi mu Seputembala. Zambiri zimene ndikulemba pano ndinaziphunzira kumeneko, nditaima pafupi ndi madala amene manja awo ada ndi mwaye. Ndinene poyambirira pomwe kuti kuno lamulo la boma lalikulu la 1968 limaika mfuti zoyatsa moto ndi mwala m'gulu la zinthu zakale, ngakhale maboma ang'onoang'ono ali ndi malamulo awoawo. Ku Malawi nkhani ndi ina: kukhala ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo wina asatenge zimenezi ngati chilolezo chosulira mfuti kuseri kwa nyumba.

Loko ndi kamakina kamene kamakhala m'mbali mwa mfuti, kamene kamayatsa moto. Pafupifupi aliyense amachita kugula kwa opanga maloko, ndipo si zachilendo, chifukwa ngakhale amisiri akale a ku Pennsylvania ankagula maloko ochokera ku Germany ndi ku England. Kunja kwake kuli chitsulo chimene chimaluma mwala. Pachingerezi amati cock chifukwa chimajompha ngati tambala, ndiye ine ndimangoti tambala. Kutsogolo kwake kuli frizzen, chitsulo choimirira chimene mwala umapala, ndipo kunsi kwa frizzen kuli kambale kolandira onga pang'ono. Mukatembenuza loko muona sipuling'i yaikulu yopindika ngati mbano, ikukankha kachitsulo kozungulira kotchedwa tumbler. Tumbler ili ndi mano awiri: lina logwira tambala pakati, lina lomugwira atakokedwa mpaka kumapeto. Chimene chimalowa m'manomo ndi sear, yomwe ili ndi kasipuling'i kakekake, ndipo zonsezi zimatsekeredwa ndi kachitsulo kotchedwa bridle. Mayina amenewa ndi amene mudzagwiritse ntchito poitanitsa zida, ndiye ndawasiya mmene alili.

Musanakhudze sikuluwu iliyonse, lowetsani ndodo yotsindira mumpope. Ndodo yanga ndinaiika chizindikiro pamene imafika mumpope mukakhala mopanda kanthu. Chizindikiro chikatsala kunja, muli onga, ndipo ntchito ya loko iyambe yadikira. Chitini cha onga chisakhale m'chipinda chimene mukuyeseramo mbaliwali, ndipo valani magalasi, pakuti mwala umatheka tizidutswa touluka.

Chinthu choyamba pa vuto lililonse ndi kuchotsa loko mumtengo n'kuiyesa ili m'manja. Ikamagwira bwino panja koma n'kumavuta ikalowa m'malo mwake, dziwani kuti vuto lili mumtengo kapena m'mabawuti, ndipo ndinganene kuti pa mfuti zatsopano zimene ndaonapo, nthawi zambiri zimakhala choncho. Yatsani kandulo, yendetsani mbali ya m'kati ya loko pamwamba pa lawi mpaka ide ndi mwaye, ibwezereni m'dzenje, mangani mabawuti monga mwa nthawi zonse, kenako kokani tambala kangapo n'kumutsitsa pang'onopang'ono ndi chala. Mukachotsa loko, paliponse pamene mtengo wada ndi pamene chitsulo chikukhudza. Pozungulira m'mphepete mwa loko payenera kuda. Koma pansi pa sipuling'i, kuseri kwa tumbler, kumapeto kwa mkono wa sear, pamenepo sipayenera kuoneka mwaye ngakhale pang'ono. Palani ndi tchizulo chakuthwa malo akudawo okha, pang'ono ngati mukupala mamba a nsomba yaing'ono, n'kuyesanso. Tsiku lija ndinabwereza maulendo 11. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi kufulumira kumaboola mtengo mpaka kufika m'ngalande ya ndodo yotsindira, dzenje limene simungalibwezere.

Mtengo umasinthanso ndi nyengo. Dzenje limene linali bwino m'nyengo yozizira, mpweya uli wouma, limatha kufufuma mu Julayi kuno kukakhala chinyezi. Mafuta amene mumapaka pomaliza nawonso amalowa m'dzenje n'kuumiramo. Choncho loko imene inkagwira bwino mfuti isanapakidwe n'kuyamba kuvuta itapakidwa, yang'anani mafuta ouma musanaganize zina.

Mabawuti aatali amene amadutsa mumtengo n'kugwira loko ali ndi milandu iwiri. Mukawamanga kwambiri amapinda chitsulo cha loko, pang'ono poti diso silingaone, koma tumbler imayamba kulimba. Masulani theka la kuzungulira n'kuona ngati tambala wapepuka. Wachiwiri ndi woti bawuti yam'mbuyo ikatalika imatulukira kunja n'kumakanda tambala. Muona mzere wowala m'kati mwa khosi lake. Ifupikitseni ndi tupa mpaka ilingane ndi nkhope ya loko.

Tsopano sipuling'i yaikulu. Ambiri amaithyola poichotsa, osati poombera. Pali kachipangizo kake kopanira, mainspring vise, kamene kamagwira mkono wonse wa sipuling'i molingana. Pulayala imaluma malo amodzi, imasiya chipsera, ndipo pachipserapo ndi pamene idzathyokere mwezi wamawa. Kachitidwe kake ndi aka: kokani tambala, ikani chopanira n'kuchimanga mpaka chingogwira basi, kankhani sear n'kutsitsa tambala ndi dzanja, ndipo sipuling'i itsala m'chopaniramo. Igwedezeni pang'onopang'ono kuti kamsomali kake katuluke m'bowo, osaipinda cham'mbali. Musaifinye kuposa pamene tambala amaifinyira, ndiponso musaisiye m'chopanira usiku wonse.

Ikathyoka, musataye zidutswa. Pamene pathyokapo pamanena nkhani yonse, ngati muli ndi galasi lokulitsa ndi kuwala kwabwino. Pakaoneka potuwa, posalala ngati ufa wa mgaiwa wosefa bwino, chitsulocho chinali chabwino, ndiye funani chimene chinachikakamiza: mtengo, pulayala, kapena kufinya kopitirira. Pakaoneka timiyala tonyezimira ngati shuga, chitsulo chinapsa kwambiri pochilimbitsa. Pakakhala kadontho kakuda kapena kabowo, ndi mng'alu wakale kapena mpweya umene unatsekeredwa posungunula, pakuti zida zambiri za masiku ano amachita kuthira m'chikombole osati kusula. Pamenepo lemberani amene anakugulitsani, mutumize chithunzi ndi dzina la loko. Ine sindinakanidwepo pamene vuto linali lotero. Yang'ananinso mizere ya tupa. Mzere wopingasa pa sipuling'i uli ngati pamene mwatema nzimbe ndi mpeni musanaithyole pabondo. Mukamasalaza sipuling'i, tupa ndi sandipepa ziziyenda motsata utali wake, osati mopingasa.

Sipuling'i yothyoka saiwotcherera. Ndikunena zimenezi ine wowotcherera wa zaka zoposa 20. Ndinayesapo, inagwira maulendo 6. Yatsopano nthawi zambiri imabwera yolimbitsidwa kale, ndipo chimene mungachite ndi kupala kamsomali kake pang'ono kuti kalowe m'bowo popanda kukhomerera. Koma mukafuna kusula yanu, tengani chitsulo cha 1075, chipindeni chili chofiira, chisalazeni mpaka chiwale, kenako chitenthetseni chonse mofanana mpaka maginito asiye kuchigwira. Zimenezi zimachitika pa madigiri pafupifupi 770 a Celsius. Onjezani moto pang'ono, n'kuchiviika m'mafuta. Chikatuluka mmenemo n'cholimba ngati galasi, ndipo mukachifinya chimangoti phwa. Chiyenera kubwezedwa pa madigiri apakati pa 370 ndi 400. Uvuni ya m'khitchini sifika pamenepo. Ine ndimagwiritsa ntchito mphika wosungunulira mtovu wopangira zipolopolo, womwe uli ndi choyezera kutentha. Mtovu wa mtundu umenewu umasungunuka pa 327, ndiye ndimaukweza mpaka 385 n'kumizamo sipuling'i kwa mphindi 20. Chitani zimenezi panja, ndipo chitsulo chikhale chouma gwa, chifukwa dontho limodzi la madzi mumtovu wosungunuka limaphulitsira zonse kumaso. Madala ena amangoika sipuling'i m'kachitini ka oyilo, kuyatsa, n'kusiya mpaka moto uzime wokha. Zimawayendera, koma ine ndimakonda kuona nambala.

Chenjezo limodzi limene ndinaliphunzira kwa mnzanga wina amene anang'alula mtengo wa maple wokwera mtengo: sipuling'i yaikulu ikadali pamalo pake, musachotse tambala. Tambala ndiye amaimitsa tumbler akamenya paphewa la loko. Popanda iye, tumbler imazungulira kupitirira, sipuling'i imatsetsereka n'kutsikira kunsi kwa loko, ndipo ngati loko ili mumfuti imang'amba mtengo.

Nkhani ya frizzen ndi imene ndimaikonda kwambiri, chifukwa ambiri saidziwa bwino. Mbaliwali zimene mumaona si za mwala ayi. Ndi tizidutswa ta chitsulo timene mwala wasenda pankhope ya frizzen, totentha mpaka kuyaka. Choncho frizzen iyenera kulimba, koma osati kufika poti mwala ulephere kuisenda. Yesani ndi tupa yatsopano pambali pake. Tupa ikaluma n'kutulutsa utuchi wa chitsulo, frizzen ndi yofewa. Pamenepo mwala umakumba timigula pankhope, ndipo mbaliwali zimakhala zochepa, zofiira mwakuda, kapena kulibiretu. Tupa ikaterereka ngati pa botolo koma mbaliwali n'kumatuluka zing'onozing'ono, zoyera, zozima zisanafike m'kambale, ndipo mwala n'kumabuntha msanga, ndiye kuti yalimba mopitirira. Zabwino zimakhala zachikasu chofiirira, zambiri, ndipo zimagwera m'kambale n'kumavina mmenemo. Zimitsani getsi m'galaja, gwirani loko m'manja popanda onga, muone nokha. Tsiku limene ndinaziona koyamba zikuvina, ndinaitana akazi anga kuchokera m'nyumba kuti adzaone nawo.

Musanaimbe mlandu frizzen, sinthani kaye mwala. Mwala wobuntha, wogwedera, kapena wopakika mafuta suyatsa moto pa frizzen iliyonse. Pukutani nkhope ya frizzen ndi spirit. Kulungani mwala m'kachikopa, muumange zolimba, mpeni wake ulingane ndi nkhope yonse, ndipo uyambe kukhudza chakumtunda, pafupifupi magawo awiri mwa atatu kuchokera pansi. Uzisenda chotsika ngati mpeni posenda chinangwa, usamamenye molunjika ngati nyundo. Ukamamenya molunjika, utembenuzeni kapena ikani kachikopa kena kumbuyo kwake kuti uwerame. Mwala ukafupika kwambiri, mutu wa sikuluwu yomangira mwala pa tambala ndi umene umayamba kugunda frizzen, ndipo mudzaona kadontho kowala pamwamba pake. Ine ndimagwiritsa ntchito miyala yakuda ya ku England. Tawuni ya Brandon ku Suffolk inatchuka ndi ntchito yosema miyala ya mfuti, ndipo inapitiriza kuitumiza ku Africa mpaka m'zaka za m'ma 1900, kwawoko mfuti zamtunduwu zitasiyidwa kalekale. Ena amakonda ya ku France, yooneka ngati uchi.

Frizzen yolimba mopitirira n'njosavuta: ikani mu uvuni ya m'khitchini pa madigiri 190 kwa ola limodzi, ndi choyezera chanuchanu m'katimo chifukwa manambala a pa uvuni amanama. Yofewa imafuna kulimbitsidwanso. Itenthetseni mofanana mpaka maginito asiye, mupitirire pang'ono, iviikeni m'mafuta opepuka, kenako mu uvuni muja pa 190. Koma musaime pamenepo. Kamwendo kake kapansi, pamene pamadutsa sikuluwu ndi pamene pamaponda kasipuling'i, sikayenera kukhala kolimba ngati nkhope. Frizzen zambiri zimene ndaona zitathyoka zinathyokera pa ngodya, pamene nkhope imakumana ndi chivundikiro cha kambale, chifukwa munthu analimbitsa chitsulo chonse mofanana. Kulungani nkhope m'kansanza konyowa, salazani kamwendo kuti kawale, n'kukatenthetsa ndi lawi laling'ono. Mtundu uyamba ngati udzu wouma, kenako wofiirira, kenako wobiriwira ngati thambo. Ukafika pamenepo n'kuyandikira ngodya, chotsani moto.

Pali frizzen zina, makamaka za mfuti zotsika mtengo, zimene zinalimbitsidwa khungu lokha, m'kati muli chitsulo chofewa. Zimayatsa bwino poyamba, kenako khungu likatha moto umatheratu, ndipo kuviika m'mafuta sikuthandiza chifukwa chitsulocho chilibe kaboni wokwanira. Ena amagwiritsa ntchito ufa wowonjezera kaboni pamwamba, koma khungu lake limakhala lopyapyala. Amisiri akale ankadula kachidutswa ka sowo yakale n'kukakhomerera pankhope, monga mmene wosoka nsapato amaikira soli yatsopano. Njira imeneyi imagwirabe ntchito.

Kasipuling'i ka frizzen kakalimba kwambiri kamadya miyala ndipo frizzen sitseguka yonse. Kakafooka, frizzen imatseguka n'kubwerera, n'kumenya mwala pamsana. Amisiri ambiri amati mphamvu yotsegulira frizzen ikhale pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mphamvu yokokera tambala. Koma musanapale kasipuling'i, salazani pamene kamwendo kamaponda n'kupakapo girisi pang'ono. Kawirikawiri zimathera pomwepo.

Za sear ndi tumbler ndilankhula mosamala, chifukwa apa m'pamene cholakwa chimapha munthu. Pali mayeso awiri amene ndimachita pa loko iliyonse. Tambala ali pa dzino lapakati, kokani trigger, kachitsulo kamene chala chimakoka poombera, ndi mphamvu: sayenera kugwa. Ali pa dzino lakumapeto, mukankheni kutsogolo ndi chala chachikulu, n'kumenya mtengo ndi chikhatho: sayenera kugwa. Akagwa pa mayeso aliwonsewa, mfutiyo isalandire onga. Yang'anani kaye zinthu zapafupi. Sikuluwu ya sear ikamangidwa kwambiri imapana sear pakati pa bridle ndi loko, ndiye kasipuling'i kamalephera kuikankhira m'dzino. Mangani mpaka igwire, kenako bwezani pang'ono kuti sear iziyenda momasuka. Mkono wa sear ukatalika umakhudza mtengo kumapeto kwa bowo lake. Trigger ikaikidwa m'mwamba kwambiri imanyamula sear nthawi zonse. Payenera kukhala kampata pang'ono pakati pa ziwirizi tambala atakokedwa. Zonsezi mwaye wa kandulo umaonetsa.

Mukapeza kuti mlomo wa sear wabenthuka kapena dzino la tumbler lathethedwa, gulani zatsopano zonse ziwiri ngati n'kotheka. Musawotcherere, ndipo musapale mano a tumbler ndi tupa pofuna kuti trigger ipepuke. Ngodya ya dzinolo ikasintha pang'ono chabe, sipuling'i yaikulu imayamba kukankhira sear kunja yokha. Ndiponso zida zambiri zimenezi n'zolimba khungu lokha, ndiye mukapala mufika pa chofewa chimene chidzaperepeseka pakapita miyezi, tsiku limene simukuyembekezera. Ntchito ya mano ndimapereka kwa munthu amene waichita kwa zaka zambiri, ndipo sindichita nazo manyazi.

Komanso funsani chimene chinabenthula mlomowo. Nthawi zambiri ndi kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mpunga kotchedwa fly, kamene kamakhala m'kamphako pa tumbler. Mfuti zambiri zazitali za ku America zili ndi trigger ziwiri. Yam'mbuyo imatchera, yakutsogolo imafwamphula ndi kukhudza pang'ono, ndipo sear imangomenyedwa kamodzi n'kubwerera nthawi yomweyo. Popanda fly, mlomo wa sear umagwera m'dzino lapakati tambala ali pa liwiro, ndipo chimodzi mwa ziwirizo chimathyoka. Ntchito ya fly ndi kutseka dzinolo kuti sear ilumphe. Kamagwa mosaoneka mukangochotsa bridle. Kanga koyamba ndinakafunafuna pansi ndi maginito kwa ola lathunthu. Tsopano ndimamasulira loko m'thireyi yoyalamo thaulo loyera, ndipo ndimajambula chithunzi pafoni ndisanachotse chilichonse, chifukwa pa maloko ena kamatha kulowa chotembenuka. Kadontho ka girisi kamakagwira pamalo pamene mukubwezera bridle. Dziwaninso kuti pa loko ya fly simungatsitse tambala kuchokera kumapeto n'kumuimika pakati. Muyenera kumutsitsa kupitirira dzinolo, kenako n'kumukokanso mpaka mumve kuti "ke". Mukapanda kutero, sear imatsamira pa fly, ndipo mfuti imaoneka ngati yatsekeka pamene sinatsekeke.

Tambala amathyoka pakhosi, ndipo chifukwa chake pafupifupi n'chimodzi: kumugwetsa frizzen ili yotsegula kapena wopanda mwala. Mphamvu yonse imene ikanathera posenda chitsulo imathera paphewa. Alendo akabwera kwanu amakonda kuchita zimenezi, ndiye ine ndimaika kathabwa kolimba kosemedwa ngati mwala, n'kutseka frizzen. Pochotsa tambala pa tumbler musamutukule ndi sikuludiraiva. Yambani mwachotsa sipuling'i yaikulu, sear ndi bridle, masulani sikuluwu ya tambala, gonekani loko pa thabwa loboola kuti tumbler ipeze kogwera, lowetsani kachitsulo kowonda m'bowo la sikuluwu mpaka kafike pansi osakhudza mazinga, n'kumenya pang'onopang'ono. Ikani chizindikiro kuti mudzabwezere mmene zinalili, chifukwa mutu wa tumbler uli ndi mbali 4 ndipo imodzi yokha ndi yolondola.

Pa kuboola loko kuti mabawuti agwire, mazinga ofala ndi 8-32, ndipo bowo lake limafuna dirilo ya nambala 29. Chodulira mazinga chimathyokera m'bowo mukachikakamiza kapena chikalowa chopendekera. Thirani mafuta, zungulizani theka, bwererani pang'ono kuti utuchi uduke, n'kupitiriza. Ine ndimagula za carbon steel dala, chifukwa zikathyokera m'kati zimatheka kuphwanyidwa ndi kachitsulo kosongoka n'kutulutsa zidutswa.

Chomaliza chimene ndimayang'ana loko isanabwerere mumfuti si chothyoka, koma ndi choopsa kuposa zonse zimene ndatchula. Mbali ya loko imene ili ndi kambale iyenera kukhudza mpope popanda mpata. Pakakhala mpata, onga wa m'kambale umatsetserekera m'dzenje la loko pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lina mbaliwali imodzi idzaupeze n'kuphulitsa loko ndi mtengo womwe, pafupi ndi nkhope yanu. Yesani kulowetsa kapepala kopyapyala pakati pa kambale ndi mpope. Kakalowa, loko sinakhale pansi mokwanira, ndiye bwererani ku kandulo ndi tchizulo. Kabowo kolowera moto, ka pafupifupi mamilimita 1.6, kakhale pakati pa kambale, molingana ndi mlomo wake wapamwamba, ngati dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri theka likuoneka. Ndipo mumfuti zimenezi mumalowa onga wakuda wokha. Onga wa mfuti zamakono umang'amba mpope.

Mfuti ija ya mu Januwale ili ndi sipuling'i yachitatu, ndipo chaka chino ndi chachinayi ikugwira. Zidutswa za ziwiri zoyamba ndinaziika m'kachitini ka machesi pamwamba pa benchi, limodzi ndi mlomo wa sear wobenthuka ndi frizzen yothyoka pa ngodya imene mdala wina anandipatsa ku Friendship. Wina akabwera ndi loko yovuta, ndimayamba ndamupatsa galasi lokulitsa ndi kachitini kameneko, kenako ndimayatsa kandulo.